Laputopu ikabedwa ku Joni: mmene mungatetezere dzina lanu ndi mapepala a anzanu

Pa Johannesburg laputopu imabedwa m'njira zodziwika. Ena amaphwanyiridwa zenera la galimoto ataima pa maloboti, ena amakwatulidwa chikwama pafupi ndi Park Station, ena amabwera kuchokera ku ntchito n'kupeza chitseko cha fulati ku Hillbrow kapena cha chipinda cha kuseri ku Rosettenville chitathyoledwa. Mwini wake amayamba kulira mtengo, kaya anaigula R4 000 kaya R15 000. Ndalama imeneyo imapweteka ndithu, koma bala lake limapola. Chimene chimatenga zaka kuti chikonzedwe ndi zimene zapita limodzi ndi makinawo.

Taganizirani zimene zimakhala mu kompyuta ya Mmalawi wokhala kuno. Muli sikani ya pasipoti, pemiti ya ntchito kapena pepala la asylum, chiphaso cha unzika cha ku NRB, CV yokhala ndi adiresi ndi nambala ya foni, mapeyisilipi, sitetimenti za ku banki, kalata ya lendi. Ndipo kawirikawiri si zanu zokha. Amene ali ndi laputopu pakati pathu ndiye amasanduka kalaliki wa onse: amalembera anzake ma CV, amatumizira achibale mapepala ku VFS (kampani yolandira mafomu a mapemiti), ndi mlembi wa mpingo, ndi msungichuma wa gulu la maliro kapena la chipereganyu, kapena amalemba maina ndi manambala a mapasipoti a anthu otumiza katundu kumudzi. Laputopu imodzi yotere ikapita, papita mapepala a anthu makumi angapo amene sakudziwa n'komwe.

Vutoli silisankha wolemera kapena wosauka. Mu Malichi 2017 akuba anathyola ofesi ya mkulu wa majaji ku Midrand n'kutenga makompyuta 15 mmene munali mbiri za majaji a dziko lino la South Africa. Ku America, mu 2006, laputopu ndi diski imene inabedwa kunyumba kwa wantchito wa boma inali ndi mbiri za asilikali akale pafupifupi 26.5 miliyoni.

Pasiwedi ya pa sikirini si loko

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza, choncho tikhalapo pang'ono. Mumva munthu akuti, "Palibe vuto, inali ndi pasiwedi." Pasiwedi yolowera mu Windows imaletsa munthu kutsegula Windows yokhayo. Siletsa kuwerenga diski. Wodziwa ntchitoyi amamasula timasikuluwu ta pansi pa laputopu, kuchotsa diski, kuilumikiza ku kompyuta ina ndi kachingwe ka USB kotchipa, ndipo mafoda onse amaoneka ngati a pa fulashi wamba: Documents, Downloads, Desktop, Pictures. Ena samasula n'komwe, amangoyatsa makinawo kuchokera pa fulashi yokhala ndi Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows. Ntchito yonseyi siitha theka la ola, ndipo okonza makompyuta amaichita tsiku lililonse populumutsa mafayilo a makasitomala awo, ndiye si luso lobisika.

Chimene chimatseka diski zenizeni ndi encryption. Imasokoneza chilichonse cholembedwa pa diski kotero kuti popanda kiyi yake munthu amangoona zinyalala zosawerengeka. Pa Windows imatchedwa BitLocker kapena Device encryption, pa Mac imatchedwa FileVault. Funso loyamba laputopu ikabedwa ndi ili: kodi encryption inali yoyatsa? Mungathe kudziwa ngakhale makinawo apita. Lowani mu akaunti yanu ya Microsoft pa foni, pitani pa account.microsoft.com/devices/recoverykey. Mukapeza kiyi ya manambala 48 yolembedwa dzina la laputopu yanu, mwayi ndi waukulu kuti diskiyo inali yotsekedwa. Mukapanda kupeza kalikonse, ndipo simukumbukira kuti munaiyatsapo, tengani kuti mafayilo onse ali poyera.

Pali zinthu ziwiri zimene zimafooketsa encryption. Choyamba, laputopu ikakwatulidwa ili yoyaka inu mutalowa kale, wakubayo ali mkati basi. Chachiwiri, pa malaputopu ambiri a Windows diski imadzitsegula yokha makina akamayaka mpaka kufika pofunsa pasiwedi, ndiye pasiwedi ikakhala 1234 kapena chaka chimene munabadwa, loko yonse yatsamira pa chingwe chowola. Mapasiwedi amene Chrome kapena Edge amakusungirani nawonso amadalira pasiwedi ya Windows yomweyo. Ikakhala yofooka kapena palibe, a Gmail, Facebook ndi banki onse amaoneka pamndandanda umodzi.

Tinene zoona: akuba ambiri amangofuna kugulitsa makinawo msanga. Koma laputopu imatha kudutsa m'manja angapo isanafike kwa woigwiritsa ntchito, ndipo m'modzi mwa iwo akakhala wodziwa mtengo wa sikani ya pasipoti, zakwana. Simungadziwe kuti yagwera kwa ndani, choncho chitani ngati yagwera kwa wochenjera.

Maola awiri oyamba

Ndondomeko yake ndi yofunika kuposa liwiro. Yambani ndi imelo, osati banki, chifukwa imelo ndiyo khomo la maakaunti ena onse. Amene ali mu Gmail yanu akhoza kudina "Forgot password" pa china chilichonse n'kulandira kiyi yatsopano. Kupatulapo ndi pamene makhadi a banki kapena foni zapita limodzi ndi chikwamacho. Zikatero imbirani banki kaye, imelo pambuyo.

Pa foni yanu kapena ya munthu wodalirika, osati pa kompyuta ya mu intaneti kafe, lowani pa myaccount.google.com, pitani pa Security, kenako Your devices, sankhani laputopu yobedwayo ndi kudina Sign out. Mukatero sinthani pasiwedi. Musalekere pomwepo. Onani nambala ya foni ndi imelo yobwezeretsera akaunti ngati zikadali zanu. Mu Settings ya Gmail onani Forwarding ndi Filters, chifukwa wakuba wochenjera amaika lamulo loti makalata ochokera ku banki azipita kwa iye mwakachetechete, ndipo lamulolo limapitiriza kugwira ntchito ngakhale mutasintha pasiwedi. Ngati mumagwiritsa ntchito Outlook kapena Hotmail, mu akaunti ya Microsoft muli batani la Sign out everywhere, koma dziwani kuti limatha kutenga maola 24 kuti ligwire paliponse, ndiye sinthaninso pasiwedi nthawi yomweyo.

Kenako WhatsApp. Ambiri amaiwala kuti anailumikiza ku laputopu. Tsegulani WhatsApp pa foni, pitani pa Linked devices, ndipo chotsani chilichonse chimene chilipo. Mukachedwa, wakuba amawerenga macheza anu onse, amaona kuti mumawatcha amayi anu chiyani, amadziwa mlamu amene mumakonda kubwerekana naye ndalama, kenako amalemba m'dzina lanu: "Achimwene, ndagwidwa ndi apolisi, tumizani R1 500 pa nambala iyi." Uthenga ukachokera pa nambala yanu yeniyeni, palibe wachibale amakayikira. Yatsaninso Two-step verification, imene imafuna PIN ya manambala 6. Pa Facebook chitani chimodzimodzi: pezani pamene palembedwa Where you're logged in, tulutsani makina obedwawo, sinthani pasiwedi.

Tsopano banki. Imbani nambala ya za chinyengo imene ili kuseri kwa khadi kapena mu app, kaya ndi Capitec, FNB, Absa, Nedbank, Standard Bank kapena ina. Auzeni kuti kompyuta imene mumalowera mu akaunti yabedwa. Sinthani pasiwedi ya banki ya pa intaneti, tsitsani malire a ndalama zotuluka pa tsiku, ndipo ngati nambala ya khadi munaisungitsa mu Chrome kapena munajambulapo khadilo, liletseni mutenge lina. Ndalama yotengera khadi latsopano ndi yochepa poyerekeza ndi malipiro a mwezi wathunthu. Lembani nambala ya referensi imene akupatseni, tsiku ndi nthawi. Musaiwale maakaunti otumizira ndalama kumudzi monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa, komanso mabanki a ku Malawi ngati mumawalowera pa laputopu yomweyo. Amene amakhoma msonkho asinthe pasiwedi ya SARS eFiling n'kuona ngati akaunti ya banki yolembedwa mmenemo ikadali yawo, chifukwa akuba amasintha akauntiyo kuti ndalama zobwezedwa zigwere kwa iwo.

Mukamaliza izi, tsegulani passwords.google.com. Mndandanda umene muupeze pamenepo ndiwo umene wakuba angakhale nawo. Sinthani umodzi ndi umodzi, kuyambira wokhudza ndalama. Pasiwedi imene munaigwiritsa ntchito m'malo angapo muisinthe konseko.

Za kutseka makinawo muli kutali: pa Mac, Find My imalola kuyika Lost Mode kapena kufufuta diski yonse. Mukafufuta, musachotse makinawo pa akaunti yanu ya Apple, chifukwa kutero kumachotsa Activation Lock, loko yoletsa wina kuigwiritsa ntchito, ndipo mwampatsa wakuba Mac yoyera yogulitsika. Pa Windows, Find my device imaonetsa malo ndi kuloka, koma siifufuta mafayilo, ndipo imagwira pokhapokha munaiyatsa kale. Zonse ziwirizi zimadikira kuti laputopuyo ilumikizidwe pa intaneti. Wochotsa diski sailumikiza, choncho musaike mtima wonse pamenepo. Ndipo mapu akakuonetsani nyumba ina ku Berea kapena ku Jeppestown, musapite nokha kapena ndi anzanu kukaitenga. Jambulani sikirini mupereke kwa wapolisi wofufuza mlandu wanu. Laputopu siilingana ndi moyo wa munthu.

Ku polisi

Pitani ku siteshoni ya SAPS mukatsegule mlandu wa kuba, makamaka tsiku lomwelo. Nambala ya mlandu, imene amaitcha CAS, imabwera pa SMS. Tengani serial number ya laputopu. Imapezeka pa katoni, pa lisiti, kapena mu akaunti ya Microsoft kapena ya Apple pansi pa Devices. Popanda nambalayi, ngakhale apolisi atapeza malaputopu makumi awiri m'shopu ina, palibe njira yosonyezera kuti iyi ndi yanu. Lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limalamula ogula katundu wakale kulemba chiphaso cha wogulitsa ndi kusunga katunduyo masiku 7 asanamugulitse, ndiye kufulumira kuli ndi phindu.

Pamene mukupereka sitetimenti, musangonena kuti laputopu yabedwa. Onetsetsani kuti alembamo zimene zinali mkati: makope a pasipoti nambala yakuti, pemiti, sitetimenti za banki, mapepala a anthu ena angati. Lembaninso afidaviti ya zomwezo, ayidinde pomwepo, ndi yaulere. Pepala limeneli lingaoneke lopanda ntchito lero, koma pakadzatha miyezi isanu ndi itatu kampani ina ikadzakuimbirani za ngongole imene simunatenge, ndilo lidzasonyeze kuti munanena kale zinthu zisanachitike.

Tikudziwa kuti pali abale amene amaopa kuponda pa polisi chifukwa mapepala awo anatha. Zonse za imelo, WhatsApp, banki ndi kuchenjeza achibale sizifuna polisi, ndiye zichiteni lero lomwe. Za mlanduwo, funsani kaye malangizo kwa maloya othandiza anthu obwera, monga a Lawyers for Human Rights amene ali ndi ofesi ku Braamfontein.

Ngati pasipoti yeniyeniyo inali m'chikwama, tengani nambala ya mlandu ndi afidaviti mupite ku Consulate ya Malawi ya mu Johannesburg kapena ku High Commission ku Pretoria. Ngati foni yapita nawo, imbirani Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C atseke simukhadi ndi kuloka foniyo pogwiritsa ntchito IMEI, nambala yozindikirira foniyo, imene imapezeka pa katoni. Amene foni zanu zikadalipo, imbani *#06# lero mulembe nambalayo penapake.

Zimene amachita ndi mapepala anu

Kumvetsa izi kumathandiza kudziwa poyang'ana. Kuti munthu atsegule akaunti ya zovala, kontirakiti ya foni, ngongole ya mipando kapena ngongole ya pa intaneti kuno, amafunsidwa zinthu zinayi: kope ya chiphaso, peyisilipi, sitetimenti za banki za miyezi itatu ndi umboni wa kumene akukhala. Nthawi zambiri zinayi zonsezi zimakhala mu foda imodzi ya Downloads, zosanjidwa kale, chifukwa munazisonkhanitsa nokha pofunsira fulati kapena ntchito. Amene ali ndi nambala ya ID ya manambala 13, monga okhazikika kuno, ndi amene ali pangozi yaikulu ya ngongole zotere. Wakuba amasintha chithunzi, nambala ya foni ndi adiresi, kotero makalata a ngongole sakufikani mpaka dzina lanu litadetsedwa.

Amene ali ndi pasipoti ndi pemiti yokha asadzione ngati apulumuka. Kope ya pasipoti imagwiritsidwa ntchito kulembetsa masimukhadi pa RICA, kutsegula maakaunti olandirira ndalama zakuba, kapena kupangira mapepala abodza munthu wina. Simukhadi yolembedwa dzina lanu ikagwiritsidwa ntchito pa chinyengo, apolisi amayamba kufunafuna inuyo.

Njira ina, imene imagwira anthu ambiri, ndi foni yochokera kwa munthu wodzitcha wa ku banki. Amatchula dzina lanu lonse, nambala ya akaunti, ngakhale malo amene munagula zinthu mwezi watha, zonse akuwerenga pa sitetimenti ya mu laputopu. Amati pali wina akufuna kuba ndalama zanu, ndipo kuti aziteteze muwauze OTP (nambala yachinsinsi yogwira kamodzi imene banki imatumiza pa foni) imene yangobwera kapena mudine Approve mu app. Kudziwa kwake zambiri si umboni woti ndi wa ku banki. Banki siifunsa PIN, pasiwedi kapena OTP, ndipo siuza munthu kusamutsira ndalama ku akaunti ina yotetezeka. Dulani foniyo, muimbe nokha nambala ya kuseri kwa khadi.

Chenjeraninso ndi SIM swap. Foni yanu ikangotaya netiweki mwadzidzidzi pamene za anzanu zikugwira, musadikire kuti mawa ibwerera. N'kutheka kuti wina wasamutsira nambala yanu pa simukhadi yake kuti azilandira ma OTP anu. Bwerekani foni muimbire banki kaye, kenako kampani ya foni.

Kuteteza dzina miyezi yotsatira

Pali bungwe lotchedwa Southern African Fraud Prevention Service, mwachidule SAFPS. Limapereka kwaulere chimene amati Protective Registration. Mukalembetsa, mabanki ndi masitolo a ngongole amene ndi mamembala amaona chenjezo nthawi iliyonse wina akafunsira ngongole m'dzina lanu, ndipo amafufuza mozama asanavomere. Zimachedwetsa pang'ono inunso mukafuna ngongole yeniyeni, koma kuchedwa kumeneko n'kumene mukufuna.

Lamulo la National Credit Act limakupatsani ufulu wa lipoti la ngongole laulere kamodzi pachaka ku credit bureau (kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu) iliyonse, monga TransUnion, Experian ndi XDS. Tengani lipoti limodzi sabata yomweyo kuti mudziwe mmene zinthu zinalili, kenako mwazani enawo m'miyezi yotsatira m'malo mowatenga onse tsiku limodzi. Poliwerenga musangoyang'ana ngongole. Onani gawo la enquiries, limene limaonetsa makampani amene afufuza dzina lanu. Sitolo imene simunapondemo ikaoneka pamenepo, wina anayesa. Onaninso maadiresi, manambala a foni ndi dzina la abwana olembedwa pamenepo.

Mukapeza akaunti yachilendo, lembani dandaulo ku credit bureau ndi ku kampani yopereka ngongoleyo, mutumize nambala ya mlandu ndi afidaviti. Bureau ili ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti ifufuze. Ikakana kapena ikangokhala chete, pitani kwa National Financial Ombud, amene salipiritsa, kapena kwa National Credit Regulator. Chinthu chimodzi musachite: musalipire ngakhale R50 kwa otolera ngongole pofuna kuti asiye kukuimbirani. Kulipira kumatengedwa ngati kuvomera kuti ngongoleyo ndi yanu. Lankhulani nawo polemba, musunge makope.

Werengani sitetimenti ya banki mzere ndi mzere mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu. Ma debit order abodza amakonda kukhala ang'onoang'ono, monga R99, kuti asaoneke. Mukawapeza, akanizeni mu app kapena ku nthambi msanga.

Ngati munali mapepala a anthu ena

Gawo ili ndi lolemera, ndipo ndi limene anthu amakonda kulizemba chifukwa cha manyazi. Mlembi wa gulu amaganiza kuti akanena, anthu amutenga ngati wosasamala, ndiye amangokhala chete n'kumapemphera kuti pasachitike kanthu. Kukhala chete kumeneko kumawalanda anzanu mwayi woteteza maina awo nthawi ikadalipo. Madzi akatayika saoleka, koma mnzako ukamuuza msanga amachotsa mphasa yake isananyowe.

Ndi nkhaninso ya lamulo. Protection of Personal Information Act ya 2013, imene ambiri amaitcha POPIA, inayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021. Ndime 22 imati aliyense wosunga mbiri za anthu, akakhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti munthu wosaloledwa wazipeza, adziwitse a Information Regulator, bungwe loyang'anira lamuloli, komanso eni mbiriwo msanga mmene kungathekere. Lamuloli silikhudza zinthu za pabanja panu zokha, koma bizinesi yaing'ono yonyamula katundu, kalaliki wolemba ma CV molipiritsa, mpingo ndi gulu la maliro zonse zili mkati. Chindapusa chimatha kufika R10 miliyoni. Lipoti lopita kwa Regulator limaperekedwa kudzera pa tsamba lawo la intaneti.

Uthenga wopita kwa anthuwo ukhale wolembedwa, ndipo unene zinthu zinayi: chimene chachitika ndi tsiku lake, mapepala awo amene analimo, zimene inu mwachita kale, ndi zimene iwo achite. Ungathe kumveka chonchi: "Abale ndi alongo, Lachiwiri laputopu ya gulu lathu inabedwa. Munali makope a mapasipoti anu, manambala a foni ndi maina a olandira chithandizo cha maliro. Tatsegula mlandu ku polisi ndipo tasintha mapasiwedi onse. Chonde musatumize ndalama kwa aliyense wonena kuti akaunti ya gulu yasintha, musapereke OTP pa foni, ndipo lembetsani ku SAFPS." Mfundo ya akaunti ya gulu ndi yofunika kwambiri. Wakuba amene ali ndi mndandanda wa mamembala amatha kuwalembera onse kuti zopereka za mwezi uno zipite ku akaunti yatsopano. Auzeninso a kumudzi amene maina ndi manambala awo a Airtel Money kapena Mpamba analimo, chifukwa nawonso angaimbiridwe kuti mwachita ngozi ku Joni.

Laputopu ikakhala ya kuntchito, auzeni abwana kapena a IT ola lomwelo, ngakhale ndi usiku. Makampani ambiri amatha kuifufuta ali kutali ndi kutseka akaunti yanu, koma pokhapokha adziwe. Kubisa kumabweretsa mlandu waukulu kuposa kubedwako. Ndipo inu mukalandira uthenga woti kompyuta ya kampani, sukulu kapena chipatala china yabedwa muli mbiri yanu, muli ndi ufulu wofunsa kuti munali chiyani kwenikweni ndiponso ngati diski inali ndi encryption. Akakana kuyankha, mukhoza kudandaula kwa Information Regulator.

Kwa amene laputopu ikadali patebulo

Yatsani encryption lero. Pa Windows 11 pitani pa Settings, Privacy & security, Device encryption. Pa Windows ya Pro fufuzani Manage BitLocker. Pa Mac ndi System Settings, Privacy & Security, FileVault. Lumikizani chaja ndipo ilekeni imalize, pa diski yakale yozungulira zimatha kutenga maola angapo. Kiyi yobwezeretsera muisunge mu akaunti ya Microsoft kapena ya Apple, ndipo muilembenso papepala losungidwa kunyumba, osati m'chikwama cha laputopu. Kiyiyi ikatayika ndipo makina akavuta, mafayilo anu apita, palibe wokonza angawabweze. Laputopu yakale imene ilibe Device encryption ingagwiritse ntchito VeraCrypt, pulogalamu yaulere, kapena mungatseke foda ya mapepala ndi 7-Zip posankha AES-256 ndi pasiwedi yaitali. Fulashi ndi diski ya bakapu nazonso zitsekedwe, ndipo zisayende m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Pasiwedi yolowera ikhale mawu anayi kapena asanu osagwirizana, a Chichewa ali bwino, osati dzina la mwana kapena la timu ya mpira. Ikani kuti sikirini izidziloka pakatha mphindi zisanu. Mukamayenda pa taxi kapena pa basi, izimitseni ndi Shut down m'malo mongotseka chivindikiro, chifukwa makina ogona amakhala akusungabe kiyi ya diski. Ma OTP ndi makodi olowera mu imelo aziperekedwa ndi app monga Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator pamene n'kotheka, popeza SMS imabedwa ndi SIM swap.

Chitetezo chotchipa koposa ndi kusasunga zosafunika. Pasipoti ya mnzanu mukamaliza kuitumiza, ifufuteni mu Downloads, mu Recycle Bin, mu Sent ya imelo ndi mu WhatsApp. POPIA yomweyo imaletsa kusunga mbiri za anthu kupitirira nthawi imene zikufunika. Popereka kope ya chiphaso chanu kwa landilodi kapena kwa abwana, lembani mopingasa pa kopeyo cholinga ndi tsiku, monga "ya lendi ya fulati basi", mosaphimba chithunzi ndi nambala. Kope yotere imavuta kuigwiritsa ntchito kwina.

M'galimoto, laputopu ilowe mu buti musananyamuke, osati mutafika poimika pamene maso akuona. Mukaloka ndi rimoti, gwirani chitseko ndi dzanja kutsimikiza kuti chalokeka, chifukwa pa mamolo ambiri a mu Johannesburg pali ogwiritsa ntchito zipangizo zotsekereza rimoti. Mu ofesi ya mpingo kapena mu shopu, chingwe cha Kensington chomangirira laputopu ku tebulo chimalepheretsa wokwatula wothamanga.

Pogulitsa laputopu kapena poitumiza kumudzi kwa mwana wa sukulu, kufufuta mafayilo ndi Delete sikukwanira, amabwezeretseka ndi mapulogalamu aulere. Gwiritsani ntchito Reset this PC, musankhe Remove everything, kenako pa Change settings muyatse Clean data. Pa Mac yatsopano pali Erase All Content and Settings. Laputopu yakufa imene mukuitaya kapena kuigulitsa ngati sipeya, chotsani diski musunge, kapena muiboole ndi dirilo malo atatu kapena anayi. Ngati ndi SSD, diski yamakono yosazungulira, phwanyani timachipu takuda timene tili pamwamba pake timodzi ndi timodzi.